Tsiku Limene Msasa wa Tenesi Udasanduka Pothawira

Lachiwiri pa 9 Okutobala m'chaka cha 2018, dzuwa litapendeka, mvula yoopsa idagwa kum'mawa kwa chilumba cha Mallorca, chimene chili m'nyanja ya Mediterranean ndipo ndi mbali ya dziko la Spain. Pa maola ochepa okha padagwa mvula yopitirira mamilimita 200. Kamtsinje kodutsa pakati pa tauni yaing'ono ya Sant Llorenç des Cardassar, kamene masiku ambiri a chaka kamakhala kouma, kadadzaza mwadzidzidzi n'kusefukira m'misewu. Madzi adalowa m'nyumba ndi m'masitolo, adanyamula magalimoto n'kuwaunjika ngati mitolo ya nkhuni, ndipo m'chigawo chonsecho anthu 13 adataya miyoyo yawo. Ife amene tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 sitifunika kuchita kuuzidwa kuti usiku wotere umakhala wotani.

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pamalo a ngoziwo pali tauni ya Manacor, ndipo m'tauniyi muli msasa wophunzitsira masewera a tenesi wotchedwa Rafa Nadal Academy. Ndi malo okongola, a mabwalo ambirimbiri ndi zipinda zogona zabwino, kumene ana ochokera m'maiko osiyanasiyana amabwera kudzaphunzira. Usiku womwewo eni msasawo adatsekula zitseko zawo kuti aliyense amene nyumba yake yalowa madzi abwere adzagone. Mabanja amene adathawa opanda ngakhale bulangete adapeza pogona m'malo amene adamangidwira akatswiri a masewera.

M'mawa mwake, anthu amene ankachotsa matope m'galaja ina yokonzera magalimoto ku Sant Llorenç adaona mwamuna wina atavala jombo, atagwira tsache, akukankha matope limodzi nawo. Uyu adali Rafael Nadal, mwini msasa uja, amene pa nthawiyo adali katswiri woposa onse pa tenesi ya amuna dziko lonse lapansi. Mu Disembala chaka chomwecho, meya wa tauniyo adalengeza kuti Nadal wapereka ndalama za ku Ulaya zokwana ma euro 1 miliyoni kuti zithandize amene adaonongekeredwa.

Owerenga okondedwa, ndalamazo n'zambiri, koma anthu olemera amene amapereka ndalama pakagwa tsoka ndi ochuluka. Chimene chiyenera kutiimitsa ife makolo ndi tsache lija. Kodi munthu wolemera chotere adaphunzira kuti kugwira tsache popanda manyazi? Yankho lake likutitengera ku bwalo limene adakulirapo, ndipo likutiuza kanthu za msasa uliwonse umene timatumizako ana athu.

Mwana amene ankasesa bwalo

Rafael Nadal adabadwira ku Manacor komweko pa 3 Juni 1986. Banja lawo lidali lokonda masewera. Mmodzi wa abambo ake aang'ono, Miguel Ángel Nadal, adasewera mpira wamiyendo m'timu ya Barcelona ndi m'timu ya dziko la Spain. Bambo wamng'ono wina, Toni Nadal, ankaphunzitsa ana tenesi pa kalabu ya m'tauniyo, ndipo ndi iyeyu amene adayamba kumphunzitsa Rafael asadayambe n'komwe sukulu.

Munthu angaganize kuti mwana wophunzitsidwa ndi m'bale wake amasasatitsidwa. Kwa Rafael zidali zosiyana. Maphunziro akatha, anzake akumwazikana, iye ndiye ankatsala kutola mipira ndi kusesa bwalo. Bambo wamng'onoyo adamuletsanso chinthu chimodzi chimene osewera tenesi ambiri amachita akapsa mtima, ndiko kuphwanya raketi, chipangizo chija chomenyera mpira. Chifukwa chimene adampatsa chidali chakuti raketi ndi chinthu chodula ndipo pali ana ambiri amene amachilakalaka koma makolo awo sangachikwanitse. Nadal adasewera zaka zoposa 20, adapambana zikho zikuluzikulu 22, mwa izo 14 za mpikisano wa Roland Garros ku Paris, ndipo adapuma mu Novembala 2024. Pa zaka zonsezi amadziwika kuti sadaphwanyepo raketi pabwalo chifukwa cha mkwiyo.

Taonani kuti m'lamulo laling'onoli muli zinthu ziwiri. Choyamba, usaononge chinthu chimene chikadali ndi ntchito. Chachiwiri, kumbukira amene alibe. Masiku ano anthu amakamba za kusamala chilengedwe ngati nkhani ina, ndi za kuthandiza osowa ngati nkhani inanso, koma kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene wagwira raketi m'manja, zonsezi ndi phunziro limodzi. M'mera mpoyamba, adatero akuluakulu.

Rafael atakwanitsa zaka 14, bungwe loyendetsa tenesi ku Spain lidafuna kuti asamukire ku Barcelona kuti akaphunzire ndi akatswiri. Banja lake lidakana, poopa kuti maphunziro ake a m'kalasi asokonezeka ndiponso pofuna kuti mwana akule pamaso pa makolo. Iye adakhalabe ku Manacor mpaka kutchuka kwake konse, ndipo atafuna kumanga msasa adaumanga komweko. N'chifukwa chake anthu a ku Sant Llorenç sadali alendo kwa iye. Adali anansi.

Msasawo ndi wotani?

Rafa Nadal Academy idatsekulidwa mu Okutobala 2016, ndipo mlendo wolemekezeka pamwambowo adali Roger Federer wa ku Switzerland, amene adali mdani wamkulu wa Nadal pabwalo koma bwenzi lake kunja kwa bwalo. Toni Nadal atasiya kuyenda ndi Rafael kumapeto kwa 2017 adakakhazikika pamsasapo monga woyang'anira maphunziro.

Ana amabwera m'njira ziwiri. Ena amabwera pa tchuthi, kwa sabata imodzi kapena zingapo, n'kubwerera kwawo. Ena amakhala chaka chonse, kugona pomwepo, ndipo tsiku lawo limagawidwa pakati pa bwalo ndi kalasi, pakuti mkati mwa msasamo mulinso sukulu yophunzitsa maphunziro wamba. Cholinga chake n'chakuti mwana amene sadzafika pokhala katswiri, ndipo oterewa ndiwo ambiri, asadzatuluke chimanjamanja. Mwa amene adadutsa pamenepa pali Casper Ruud wa ku Norway, amene mu 2022 adakumana ndi Nadal yemweyo m'ndime yomaliza ya Roland Garros, ndi Alexandra Eala, mtsikana wa ku Philippines amene adatsiriza maphunziro ake pamsasapo mu 2023. Nthambi ina ya msasawu idatsekulidwa ku Kuwait mu 2020.

Tinene chilungamo: msasa umenewu ndi bizinesi. Malipiro a chaka chimodzi ndi ma euro zikwi makumi angapo, ndalama zimene banja wamba, ngakhale la ku Spain komweko, silingazikwanitse. Choncho munthu ali ndi ufulu wofunsa kuti, nanga mwana wa mmphawi gawo lake lili pati?

Bwalo la ana osauka ku India

Yankho la banja la a Nadal pa funsoli ndi bungwe lachifundo lotchedwa Fundación Rafa Nadal, limene Rafael adalikhazikitsa ali ndi zaka zongopitirira 20, ndipo mayi ake, Ana María Parera, ndiwo adakhala mtsogoleri wake. Ntchito yake yoyamba yaikulu idali kutali ndi Spain, m'boma la Anantapur, m'chigawo cha Andhra Pradesh ku India. Limeneli ndi limodzi mwa madera ouma kwambiri m'dzikolo, kumene mvula imavuta chaka ndi chaka ndipo alimi ambiri ndi osauka.

Sadapite kumeneko okha ngati odziwa zonse. Adagwirizana ndi bungwe la Vicente Ferrer, munthu wa ku Spain amene adakhala ku Anantapur kuyambira mu 1969 mpaka imfa yake mu 2009, akugwira ntchito za madzi, zipatala ndi sukulu pakati pa anthu onyozeka. Bungwe limenelo linkawadziwa kale mabanja ndi mavuto awo. Mu Okutobala 2010 Nadal adapita yekha kukatsekula sukulu ya tenesi kumeneko. Ana amene amalandiridwa, anyamata ndi atsikana omwe, ndi ochokera m'mabanja osauka. Kuonjezera pa tenesi amaphunzira Chingerezi ndi kompyuta, ndipo amalandira chakudya. Tenesi ili ngati nyambo yokokera mwana kuti abwere tsiku ndi tsiku, pamene chimene akuchifuna kwenikweni n'chakuti mwanayo asasiye sukulu.

Ku Spain komweko bungweli lili ndi malo m'mizinda monga Palma ndi Valencia kumene ana a m'madera ovutika amapita akaweruka kusukulu, kukasewera ndi kukathandizidwa maphunziro. Limagwiranso ntchito ndi bungwe la Special Olympics pophunzitsa tenesi achinyamata amene ali ndi ulumali wa m'bongo.

Phunziro lili apa n'lakuti kupatsa kwabwino kumayamba ndi kufunsa amene akudziwa dera. Ambiri amene ali ndi mtima wothandiza amalakwitsa pongofika ndi katundu amene iwo akuganiza kuti ndiye wofunika, kujambulitsa zithunzi, n'kumapita osabweranso.

Ngongole ya kampira kachikasu

Msasa wa tenesi, kaya ndi wa ku Manacor kaya wa kwina kulikonse, uli ndi ngongole inanso, ndipo iyi ndi ya kwa nthaka. Ngongoleyi yabisala m'kanthu kakang'ono kamene ana athu amakakonda, kampira kachikasu kaja.

Kampira ka tenesi kamalemera magalamu pakati pa 56 ndi 59.4. Mkati mwake ndi labala wopangidwa ngati zibade ziwiri zomatidwa pamodzi, ndipo m'katimo amaikamo mpweya wothinana kuti kazidumpha bwino. Kunja amakuta ndi nsalu yokhuthala ya ubweya wa nkhosa wosakaniza ndi nayiloni, yomatidwa ndi guluu wamphamvu. Timipirati timagulitsidwa m'zitini zotsekedwa kuti mpweya usathawe. Chitini chikangotsekulidwa, mpweya uja umayamba kutuluka pang'onopang'ono kudzera m'labala, ndipo ubweya umayamba kunyenyeka. N'chifukwa chake pa mipikisano ikuluikulu mipira imasinthidwa akangosewera magemu 7 oyambirira, kenaka pa magemu 9 alionse. Pa mpikisano wa Wimbledon wokha, umene umatenga sabata ziwiri ku London, pamagwiritsidwa ntchito mipira yoposa 50,000. Dziko lonse lapansi limapanga mipira yoposa 300 miliyoni chaka chilichonse, ndipo yochuluka mwa iyo imathera kudzala.

Vuto lake n'lakuti labala wophikidwa m'fakitale saola msanga, ndipo kulekanitsa nsalu ija ndi labala ndi ntchito yovuta chifukwa adazimata dala kuti zisalekane. Mpira umene katswiri wausewera kwa mphindi 30 zokha umakhala m'nthaka mibadwo ingapo ya anthu.

Ngakhale usadafike pabwalo, mpirawo umakhala utayenda kale ulendo wautali. Mu 2013 katswiri wina wa ku Warwick Business School ku England adalondoloza zipangizo za mipira ya Slazenger, kampani imene yakhala ikupereka mipira ku Wimbledon kuyambira mu 1902. Adapeza kuti zipangizozo zinkachokera m'maiko 11. Ubweya unkachokera ku New Zealand kupita ku Stroud ku England kukaombedwa nsalu, nsaluyo n'kubwereranso kum'mawa ku fakitale ya ku Bataan ku Philippines, kumene inkakumana ndi labala ndi mankhwala ochokera m'maiko ena. Mpira ukatha kupangidwa unkayambanso ulendo wa ku London. Maulendo onsewa pamodzi adapitirira makilomita 80,000, kutanthauza kuzungulira dziko lapansi kawiri. Ulendo uliwonse umadya mafuta ndipo umatulutsa utsi.

Tsono ganizirani msasa umene uli ndi mabwalo makumi angapo, pa bwalo lililonse mphunzitsi ataima ndi dengu lodzaza mipira, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka chonse. Pamalo otere funso lakuti mpira wakutha upita kuti si laling'ono.

Mpira wakutha usanduka pansi pa ana odwala

Njira imodzi yochititsa chidwi idapezeka ku France. Mu 2009 bungwe loyendetsa tenesi m'dzikolo lidayambitsa ntchito yotchedwa Opération Balle Jaune, kutanthauza ntchito ya mpira wachikasu. Makalabu ndi malo ophunzitsira ana amaika mabokosi pafupi ndi mabwalo, ndipo aliyense amene mpira wake watha amauponya m'menemo. Mipirayo imasonkhanitsidwa, n'kupita kuchigayo chimene chimaiphwanya, kuchotsa nsalu ndi kusiya timibulu ta labala. Timibuluto amatisakaniza ndi zomatira n'kuyala pansi, ndipo pamatuluka bwalo lofewa limene mwana akagwapo savulala. Mipira pafupifupi 40,000 imakwanira kuyala bwalo la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi.

Chokoma kwambiri n'chakuti mabwalo amenewa sagulitsidwa. Amaperekedwa ulere ku zipatala, ku malo osamalira ana olumala ndi ku malo ena otere. Mwana wa pa msasa amene waponya mpira wake m'bokosi wachita zinthu ziwiri pa kamodzi: wapeputsa dzala ndipo waikapo kachidutswa kake pa bwalo limene mwana wina wodwala adzaphunzirepo kuyenda. Imeneyi ndi sadaka yopitirira, pakuti bwalolo lidzathandiza ana ambiri wopereka uja ataiwala kale.

Ku Wimbledon mipira imene yagwira kale ntchito imagulitsidwa kwa anthu odzaonera, ndipo ndalama zake zimapita ku thumba lachifundo la Wimbledon Foundation. Mu 2001 ina mwa mipirayi idaperekedwa kwa osamala nyama zakuthengo, amene ankaiboola kabowo n'kuikweza pa timitengo kuti ikhale zisa za timbewa ting'onoting'ono ta m'minda ya tirigu, timene tinkasowa pokhala chifukwa cha ulimi wa makina. Ku America kuli bungwe lotchedwa RecycleBalls, la m'chigawo cha Vermont, limene limatumiza mabokosi ku makalabu ndipo mipira yosonkhanitsidwayo imagayidwa n'kugwiritsidwa ntchito poyala mabwalo atsopano ndi malo ophunzitsira akavalo. Sukulu zambiri kumeneko zimaveka mipira yakutha ku miyendo ya mipando kuti isamachite phokoso m'kalasi. Opanga mipira nawonso adayamba kusintha. Mu 2019 kampani ya Wilson idatulutsa mpira wotchedwa Triniti, umene sufuna chitini chothina mpweya ndipo umagulitsidwa m'katoni ya pepala, pamene kampani ya Renewaball ya ku Netherlands imapanga mipira yatsopano pogwiritsa ntchito mbali ina ya labala wa mipira yakale.

Tisanamizane, njira zonsezi pamodzi zimangopulumutsa gawo lochepa la mipira imene imatayidwa. Komabe zikuonetsa kuti chimene wina akuchiyesa chinyalala, wina akuchidikira.

Madzi ndi malo

Ngongole ina ndi ya madzi. Nadal adatchuka pa mabwalo ofiira, amene pamwamba pake amathirapo njerwa zoperapera. Mbiri imene a ku France amaifotokoza imati mabwalo oterewa adayamba cha m'ma 1880 ku Cannes, pamene abale awiri a ku England a banja la Renshaw adaona kuti udzu wa pa mabwalo awo ukupsa ndi dzuwa, ndipo adapera miphika yadothi yolakwika pouumba n'kuwaza pamwamba. Ndiye kuti bwalo lofiira lidabadwa kuchokera ku zotayidwa. Koma kuti fumbi la njerwalo lisauluke ndi mphepo ndiponso kuti pansi pasang'ambike, bwalo liyenera kuthiriridwa tsiku lililonse, ndipo nyengo yotentha kangapo patsiku.

Pachilumba cha Mallorca madzi ndi nkhani yaikulu. Anthu okhala pachilumbapo sakwana 1 miliyoni, koma alendo odzacheza amaposa 10 miliyoni pachaka, ndipo ambiri amabwera m'miyezi imene mvula sigwa. Madzi a pansi pa nthaka amachepa, mwakuti boma lidamanga makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, ntchito imene imadya magetsi ambiri. Chilumba chomwechi chimene chidamira mu 2018 chimavutikanso ndi chilala. Pamalo otere ndowa iliyonse yothiridwa pabwalo ndi ndowa imene mlimi woyandikana naye akuiyang'ana. Msasa wosamala umathirira m'mamawa kapena madzulo pamene dzuwa silimwa madzi msanga, umakolola madzi a mvula a pa madenga ake, ndipo umaganiza kawiri usadaonjezere mabwalo ofuna madzi pamene alipo ena olimba osafuna kuthirira.

Nkhani ya malo nayo siidaphonye msasa wa ku Manacor. Pamene unkafuna kukulitsidwa, magulu oteteza chilengedwe pachilumbapo adadandaula kuti malamulo a kamangidwe akufewetsedwa chifukwa cha kutchuka kwa mwini wake. Ena adayankha kuti msasawo wabweretsa ntchito ndi alendo m'tauni imene kale anthu ankangoidutsa. Tikutchula zimenezi kuti tikumbutsane kuti munthu akhoza kukhala wopatsa kwambiri koma n'kufunikabe kufunsidwa za m'mene akugwiritsira ntchito nthaka ndi madzi a anthu onse. Ubwino wa mbali imodzi sufafaniza mafunso a mbali inayo.

Ndalama za tenesi zidafika ndi kwathu kuno

Wina anganene kuti tenesi ndi masewera a anthu olemera a kutali, ife zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza kudzera mwa mlendo uja wa pa mwambo wotsekulira msasa. Roger Federer, amene mayi ake ndi a ku South Africa, adakhazikitsa bungwe lake lachifundo mu 2003 kuti lithandize maphunziro a ana aang'ono, makamaka m'maiko a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Kuno ku Malawi bungweli lidayamba ntchito mu 2011 mogwirizana ndi ActionAid, pomanga ndi kukonza sukulu za mkombaphala za m'midzi ndi kuphunzitsa alezi ake. Mu Julaye 2015, patangopita masiku ochepa atasewera ndime yomaliza ya Wimbledon, Federer adabwera yekha kuno kudzaona ana a m'sukulu zimenezi, ndipo mu 2018 adakafikanso ku Zambia.

Pa 7 Febuluwale 2020 Federer ndi Nadal adakumana mumzinda wa Cape Town pa masewera osonkhetsa ndalama za bungweli. Anthu 51,954 adalowa m'bwalo kudzaonera, ndipo padasonkhanitsidwa ndalama za ku America zokwana madola 3.5 miliyoni. Choncho alipo ana m'midzi yathu amene sadaonepo bwalo la tenesi ndi maso, koma zilembo zoyamba adaziphunzirira pansi pa denga limene masewerawa adathandiza kukhoma.

Zoti makolo tilingalire

Ambiri a ife sitidzatumiza mwana ku Manacor. Koma pa tchuthi ana athu amapita ku misasa ya mpira wamiyendo, ya mpira wamanja, ya maphunziro apadera ndi ina yotero, ndipo kawirikawiri timangofunsa za malipiro ndi za chakudya. Nkhani ya tsache ija ikutipatsa mafunso ena oti tiwaonjezere.

Tifunse kuti masewera akatha amatola zipangizo ndi kusesa bwalo ndani. Ngati ana amangonyamuka n'kusiya zonse kwa wantchito, akuphunzira kuti pali anthu ena amene adabadwira kutola zotaya zawo. Tifunse kuti mipira, nsapato ndi mayunifolomu zimene zachepa kapena zakalamba zimapita kuti, pakuti pafupi ndi msasa uliwonse pali sukulu imene ana ake akusewera mpira wokulunga ndi mapepala a pulasitiki. Tiyang'ane ngati pampopi pakudontha madzi tsiku lonse popanda woutseka, ndi ngati mabotolo ndi majumbo akungomwazika kuseri kwa mpanda. Tifunsenso ngati pali malo ngakhale awiri kapena atatu osungidwira ana amasiye ndi ena amene sangathe kulipira. Oyendetsa msasa amene ali ndi mtima wabwino sakwiya ndi mafunso otere.

Ndipo tisaiwale kuti msasa woyamba wa mwana ndi pakhomo pathu. Toni Nadal sadayambe ndi kuuza mwana wa mkulu wake za kusintha kwa nyengo kapena za umphawi wa ku India. Adayamba ndi raketi imodzi ndi tsache limodzi. Mwana amene wang'amba buku chifukwa chokwiya, amene wataya nsima chifukwa ndiwo sizidamkomere, amene wasiya mpopi wotsekula, ali pa msinkhu womwewo umene Rafael adali pamene ankatsala yekha kutola mipira. Tikamuongola lero mofatsa ndi momufotokozera chifukwa chake, kuti chinthuchi chidadya thukuta la munthu ndipo alipo wina amene akuchisowa, tikhala tamupatsa maphunziro amene makolo ena amalipira ndalama zambiri kuti ana awo akawapeze.

Tauni ya Sant Llorenç idakonzedwanso, ndipo pothokoza idampatsa Nadal ulemu womuyesa mwana wa m'tauniyo. Zikho zake 22 zili m'mabuku a mbiri ya masewera, koma anthu a kumeneko ali ndi chawo chimene amamukumbukira nacho: pamene madzi adalowa m'nyumba zawo, mnansi wawo adatsekula chitseko, ndipo kutacha adabwera ndi tsache. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Tiyeni tilere ana amene tsiku la tsoka likadzafika pakati pathu, sadzachita kuitanidwa.